Kabowo ka Deok-su

Zaka makumi atatu ndi zinayi Deok-su wakhala akutseka mabowo.
Pa doko la Yeongdo, chigoba chakuda kumaso,
ankawotcherera mimba za sitima kuti nyanja isalowe.
Lachiwiri lija supuni inamupulumuka m'dzanja,
msuzi wa ndere za m'nyanja n'kutayikira pa thalauza.
Anandiyang'ana ndi theka la nkhope.
Theka linalo linali litatsogola kale kwina.

Kuchipatala, Dokotala Pyo,
mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu wotsiriza,
analoza chithunzi ndi cholembera:
apa mtsempha waphulika, apa magazi aundana,
ubongo ukutupa, mayi,
ndipo chigaza si thumba, sichitanuka.

Njira ina, anatero, ndi kuchotsa fupa lalikulu ngati chikhatho,
kulisunga mufiriji mpaka ubongo utaphwa.
Kwa bambowa tiyesa kuboola pang'ono chabe.
Anapisa m'thumba la chovala chake choyera
natulutsa ndalama yachitsulo, ma won zana,
n'kuiika m'dzanja langa lonunkha nsomba.
Kukula kwake ndi kumeneku.
Sindikulonjeza kuti adzuka monga analili.

Ndinasaina. Dzina langa, Mal-sun,
linatuluka lokhotakhota ngati si langa.

Maola atatu pabenchi.
Makina ogulitsa khofi kung'ung'udza pakona,
mphepo ya Januwale kugogoda galasi,
ndalama ija kutentha m'nkhonya mwanga.
Ine ndatumbula nsomba pa msika wa Jagalchi chiyambire utsikana,
ndikudziwa chimene mpeni umachita.
Koma uko kuseri kwa chitseko
kapaipi kowonda ngati kachala kanga kakumapeto,
kokhala ndi diso ndi nyali kunsonga,
kanali kulowa m'chipinda chimene ine mkazi wake sindinalowemo,
momwe amasunga mkwiyo wake pa mkulu wake,
nambala ya sitima yake yoyamba,
nyimbo ija amaiimba molakwitsa akaledzera.
Yamwa magazi okhawo, iwe kapaipi, ndinanong'ona.
Zinazo usakhudze. Ngakhale mkwiyowo, umusiyire.

Tsiku lachinayi anatsegula maso.
Dzanja lamanja linangoti lobodo pabulangete,
mpaka lero likadagona.
Lamanzere ndilo linakwera pang'onopang'ono,
kudutsa khutu, kukafika pomwe anameta,
ndipo namwino atavundukula bandeji
chala chinayenda pamsokopo, uku ndi uku,
monga ankafufuzira ntchito ya anyamata ophunzira kuwotcherera.
Anakwinya nsidze. Milomo inalimbana ndi mawu kwa nthawi.
Ndinasendeza khutu kudikira dzina langa.

Wa-o-ngo-ka, anatero.

Dzina langa analipeza patapita sabata ziwiri,
atayamba wanditchula dzina la mlongo wake.
Ndalama ija ikadali m'thumba la epuloni yanga,
pamodzi ndi mamba a nsomba ndi tikiti ya basi.
Dokotala Pyo akadutsa ndimafuna kumubwezera,
koma amayenda mofulumira,
ndipo ine sindimuitana.