Simunandizindikire pa Lizulu

Lero munaima pa mulu wanga, Sisitala Dzonzi,
opanda yunifolomu, duku kumutu,
mukutembenuza mbatatesi imodziimodzi
ngati pali ina yakulakwirani.
Munati chidebe chadula.
Ndinati, nenani inuyo.

Simunandizindikire. Mukanatero bwanji?
Usiku uja ndinalibe nkhope,
ndinali kubuula chabe pa bedi lakukhomo,
chisanu cha Juni chikulowera pa galasi losweka
lomwe wina anamata ndi katoni ya sopo.
Magetsi anathima matenda atafika povuta.
Munaluma foni, kuwala kukuchokera pakamwa panu,
mawu akutulukira m'mphuno:
Osati pano, Nasibeko, puma kaye.
Puma ngati watula mtolo pamwamba pa chitunda.
Tsopano, tchima!

Ndinakutukwanani, ndikukumbuka,
mawu oti sindingawabwereze mwanayu akumva.
Inu munangoti, tukwana, koma uzitchima.

Anatuluka ali zii, wolobodoka ngati nsalu yonyowa.
Munamupukuta, kumutikita msana,
kumuyankhula ngati mlendo wamanyazi waima pakhomo,
mpaka analira, kakulira kochepa ka mwanawambuzi.
Munamugoneka pachifuwa panga, khungu pakhungu,
n'kutifunditsa tonse awiri chitenje chimodzi.

Komatu pa mjigo sindisimba za usiku umenewo.
Ndimasimba za m'mawa wachiwiri,
mawere atauma gwa ngati mapeyala osapsa,
nsonga zitang'aluka,
mwana akuluma kunsonga, kusiya, kulira,
ine kulira naye.
Apongozi anali atabisa dawale
m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa,
akunong'ona kuti mkaka wachikasuwo ngwoipa,
ndiufinyire pansi.

Inu munali mutaweruka kale,
maso ali psuu, chikwama paphewa,
wakabaza akuliza belu panja.
Munachiika pansi chikwamacho.

Simunawakalipire apongozi.
Munawapatsa kansalu koviika m'madzi ofunda:
Mayi, gwirani apa, manja anuwa aona zambiri.
Kabotolo kaja kanalowa m'thumba lanu mwakachetechete,
ndinaona ndine ndekha.

Mimba yake igunde mimba yako.
Usaweramire mwana, abwere ndiye.
Dikira ayasamule. Dikira. Apo,
chakuda chonsechi chilowe, chibwano chikhudze bere.
Wachikasuwo usataye, ndiye chishango chake.
Tinalephera kanayi.
Kachisanu m'chipinda munangoti duu,
kenaka kakhosi kanayamba ntchito,
kumeza, kupuma, kumeza,
khutu lake likugwedezeka pang'onopang'ono.
Wakabaza anapita ndi wina.
Sindikudziwa kuti munafika bwanji kunyumba.

Miyezi isanu ndi umodzi, madzi ngakhale dontho.
Mpaka lero apongozi amalangiza atsikana a m'mudzi
za kansalu kofunda ndi kuyasamula,
ngati nzeruzo anabadwa nazo.
Ine sindiwatsutsa.

Ndiye lero Sungeni ali kumsanaku, akukoka ndolo yanga,
inu n'kumusuzumira:
Iii, kamwana konenepa, mumakadyetsa chiyani?
Mawu anandikakamira pakhosi.
Ndikanayambira pati, pamsika,
anyamata akukuwa kabichi, wina akufunsa anyezi,
minibasi yopita ku Ntcheu ikuliza hutala?
Ndi angati tadutsa m'manja amenewo,
tonse opanda nkhope, tonse otukwana?

Ndinakhuthulira chidebe m'jumbo lanu,
n'kuwonjezera banyira,
dzanja limodzi, lachiwiri, lachitatu,
zazikulu zomwe ndimaika pamwamba kukopa ogula,
mpaka jumbo linayamba kung'ambika m'mbali.
Munandiyang'ana mokayika,
munawerenga chenji kawiri,
n'kuthamangira minibasi ija,
mutafungatira mbatatesi pachifuwa,
dzanja limodzi pansi, lina kumutu.