Malikisi a Gulu Lachitatu

Lachiwiri lililonse, eyiti koloko,
ndimalowa m'kalasi ya kuseri kwa laibulale ku Chirunga,
choko m'thumba la jekete,
kukaphunzitsa ana a eni ake kutsogolera.
Ndimajambula makwerero pa bolodi:
masomphenya pamwamba, phindu pakati,
antchito pansi, popondera.
Iwo amakopera. Ena amangojambula ndi foni.

Teremu ino ndinawagawa m'magulu asanu,
gulu lililonse ngongole ya zikwi makumi atatu,
masabata asanu ndi limodzi.
Pitani, ndinatero, ndalamayi ikaswane.

Gulu loyamba linagulitsa mayunitsi ku Chikanda.
Lachiwiri linaoda nsapato za kaunjika ku Mpondabwino
n'kuzikwecha ndi sopo mpaka zinanama kuti ndi za m'sitolo.
Lachitatu linakwera phiri.
Asiyatu Likaka ndi anzake anayi
anaona chuma m'masitiroberi a ku Chawe:
kuoda m'mawa kwa anyamata a m'mbali mwa msewu,
kugulitsa masana pakhomo pa banki.
Anawerengera ya njinga yamoto, ya timajumbo,
ngakhale ya madzi akumwa.
Dzuwa la Okutobala sanaliike pa pepala.
Pofika Lachinayi, m'dengu munali phala lofiira,
ntchentche zili ng'waa.

Tsiku la malipoti anayiwo anakhala atazyolika.
Asiyatu anaimirira wopanda tchati,
manja kumbuyo ngati mwana wa kwaya.
"Tatsala ndi zikwi zinayi ndi mazana awiri.
Bonongwe ananena kuti tiyambe ndi dengu limodzi.
Ndinamukaniza ndine,
chifukwa wapampando ndinali ine
ndipo mawu anga ndi okwera.
Anzangawa musawadule malikisi."
Kalasi inaseka pang'ono.
Kenako inaleka yokha.

Tsopano ndi usiku ku Matawale, magetsi azima,
ndikuchonga ndi tochi ya foni.
Pepala la malangizo likunena momveka:
phindu, malikisi makumi anayi;
kasungidwe ka mabuku, makumi atatu;
utsogoleri, khumi.
Ndinalilemba ndine pepalali.

Kuseri kwa nyumba ino kuli khola lopanda kanthu.
Chaka chatha munali nkhuku mazana awiri
za ngongole ya akazi anga ku banki mkhonde.
Za katemera ndinati tidikire malipiro.
Chitopa sichinadikire.
Amene anakumba dzenje ndi Jafali,
mnyamata wa ku Songani amene anandikumbutsa kawiri,
kachitatu anatuma mwana wanga kudzandiuza.
Anazikwirira yekha, wilibala zisanu ndi ziwiri.
M'mawa mwake, akazi anga ali pakhomo,
ndinati ndi iyeyo sankatsuka zomwera.
Sanayankhe.
Anapinda malaya ake awiri m'jumbo
n'kupempha ya minibasi yokha.

Ndimamuona pa siteji ya Chinamwali
akudikira wokwera pa njinga ya kabaza.
Amavula chipewa: "Adokotala, mwaswera?"
Ine ndimaliza hutala
ngati munthu amene wachedwa ku msonkhano.

Cholembera chofiira chauma kunsonga.
Pa pepala la Asiyatu ndalemba nambala katatu,
katatu ndafufuta,
pepala layamba kubooka.
Malamulo a sukulu salola khumi kupitirira khumi,
ndipo ndani andichongere ine?

Mawa ndi Lachiwiri.
Mutu wa mawa ndi kusenza mlandu wa zimene wagamula.
Manotsi alipo kale, a zaka zisanu ndi zinayi,
ndi zitsanzo za makampani a kutsidya kwa nyanja
amene sindinaonepo ngakhale chipata chake.

Mphepo yatsika m'phiri,
ikugwedeza lata lomasuka pa khola.
M'foni momwemu muli nambala
imene ndinaisunga kuti Jafali Nkhuku.
Batire latsala pang'ono:
lokwanira kuunikira mapepala otsalawa
kapena kuimba kamodzi.