Makina a Malume ku Mayfair

Malume Kamtedza anandisiyira zinthu zitatu:
makina osokera opalasa ndi mwendo,
ngongole ya lendi ya miyezi iwiri,
ndi dzina limene likatchulidwa pampopi
amayi amayamba aleka kuchapa.

Tilipo khumi ndi anayi kuseri kwa nyumba ya mmwenye,
tonse a kumudzi, tonse opanda mapepala.
Joni ndi wamkulu, eetu,
koma bwalo lathuli n'chikhatho chabe:
ukatsokomola m'chipinda chachiwiri
wa kumapeto wadziwa kale amene wakulodza.

Maliro atanyamuka ulendo wa ku Ntcheu,
usiku wachitatu makina analira.
Anamva ndi Nangondo. Anamvanso Che Wisiki ali pageti.
Magetsi anali atazima.
Tcheketcheke, tcheketcheke,
mpaka matekisi oyamba ataliza hutala.

"Ndondocha," anatero. "Mkulu uja anakhwima.
Munthu mmodzi n'kusoka mayunifolomu zana pasabata?
Nanga mwana wa mlongo wake uja, Lingstone,
anatsika basi pa Park Station
n'kuuma ngati mate pamchenga,
mwati ali kuti?"

Lingstone ndi mchimwene wanga.
Chaka chachisanu ndi chiwiri chino
mayi akumusungirabe mbale yake.

M'mawa ndinapeza mchere pakhomo.
Mwana wa Nangondo atatentha thupi
wina anadula chingwe changa choyanikira.
Mneneri wa ku Yeoville anafuna marandi mazana asanu
kuti angobwera kudzaona. Ndinalibe.

Ndinatsegula ndekha kadirowa.
Mabobini. Choko. Lumo la dzimbiri.
Kumapeto kwenikweni, nsupa yovala mikanda yofiira.
Ndinaigwira ndi kansanza, mtima uli phaphapha,
n'kuikhuthulira panyuzipepala.
Simunatuluke mafuta, kapena lilime la munthu.
Munatuluka kachitsulo ka nambala ya agogo ya kumgodi,
dzino la mwana,
ndi kapepala ka dzanja la malume:
khosi 15, phewa 17, mkono 24.
Pansi pake: Akadzabwera adzapeze zitatha.

Usiku umenewo ndinati tulo ayi.
Ndinakhoma chitseko, n'kutsamiritsapo mpando,
ndinavula lamba wa makina n'kumubisa kunsi kwa pilo.
Ndinawerenga ndege zodutsa padenga.
Zinayi. Zisanu.

Ndinadzidzimuka katumba akuwawa
ngati ndapalasa njinga kuchokera ku Tsangano.
Lamba ali pamalo pake.
Pachala panga kadontho ka magazi, kouma.
Pampando malaya oyera, kolala ili njo,
msoko wa malume weniweni, wobwereza kawiri pakona,
ine amene chibadwire
sindinalowetsepo ulusi pasingano.

Panja Nangondo akusesa, sakundiyang'ana.
Mwana wake wachira, akusewera ndi chitini.
Che Wisiki akuti mbandakucha
panaima mnyamata pageti,
chifuwa chili pamtunda m'chisanu cha Juni chino,
n'kufunsa m'Chichewa cha kwathu
ngati telala wadzuka.

Ndawasita malayawo. Ndawapachika pamsomali.
Latsala batani limodzi, la pakhosi.
Lili m'dzanja langamu kuyambira m'mawa,
ndipo sindikudziwa
ngati kulisokerera n'kumuitana
kapena n'kumutsanzika.