Mbusa Wopanda Ziweto

Nkhosa mazana atatu ndi khumi ndi ziwiri.
Mbuzi makumi asanu ndi anayi.
Kavalo wa banga loyera pamphumi.
Zonsezi chisanu chinatafuna chaka chimodzi,
zina zinauma chiimire m'chipale chofewa
ngati zikudikira kuti ndiimbe likhweru.

Lero ndimakhala kumathero kwa Ulaanbaatar,
kumtunda komwe basi imatembenukira,
m'hema wa ubweya, m'kati mwa mpanda wa matabwa,
ndipo usiku ndimalondera magalimoto a eni.
Koma mbusa sataya chizolowezi:
dzuwa likangolowa, milomo imayamba yokha kuwerenga.
Ine ndinkawerenga mitembo.
Ndikamaliza, liwu lina linkatsendera:
unachedwa kusamuka, Ganzorig,
unaumira kugula udzu, unakhulupirira mitambo,
bambo ako sakanatero.
Liwulo linkaotha mbaula yanga,
linkamwa tiyi wanga wamchere, linkanenepa
ine ndikuboola lamba.

Delgermaa, wogulitsa madzi pampope,
mayi wa dzino lachitsulo ndi pakamwa posasefa,
anandiyang'ana tsiku lina ndikudzaza chigubu:
Iwe, nkhope imeneyo indiumitsira madzi.
Dzulo unadya chiyani?
Ndinati msuzi wa mafupa.
Wotentha? Ndinati eya.
Ndiye chimodzi chimenecho. Mawa ubwere ndi ziwiri,
apo ayi uzikatunga kwina.

Ndinakankha ngolo ndikutukwana chamumtima.
Msuzi ungaukitse kavalo?

Koma mpope wina uli kutali.
M'mawa mwake ndinang'ung'udza:
nsapato zanga sizinalowe madzi.
Galu wa mnansi wasiya kundiuwa.
Anazilandira ngati ndalama zong'ambika,
kuzitembenuza kaye, kenako n'kuponya m'thumba.

Poyamba ndinkazifuna movutikira,
monga umafunira kamwana ka mbuzi kosokera m'miyala.
Kenako zinayamba kubwera zokha kumpanda.
Malasha anafika mwezi wonse.
Mwini galimoto yofiira anandifunsa dzina.
Enkhjin, mwana wanga, anawerenga chikwangwani cha basi
mokweza, osakakamira,
n'kutembenuka kuti aone ngati ndamva.
Tsiku lina mphepo inasesa utsi wa mzinda
ndipo phiri lija lakummwera linali pompo,
lonse, loyera, osalipiritsa.
Ndinaima mpaka ndevu zinagwira chisanu.

Sindinama, liwu lija silinafe.
Limabwerabe cha m'ma fili koloko,
geti likakhala chete, zala zitachita dzanzi.
Ziwerengero zake n'zoona, sinditsutsa,
ndipo kavalo uja ndimamulirabe.
Kungoti masiku ano ndimaliuza: ima pamzere,
ndiyambe ndalowetsa zamoyo m'khola.
Nthawi zina limadikira.
Nthawi zina limatopa n'kupita.
Usiku wina limandigwetsabe, ndimadzuka mawa lake.

Dzulo ndinapeza mnyamata pampope,
wangofika kumene kuchokera kumadambo a Zavkhan,
maso ake akuwerenga zinthu zomwe palibe.
Delgermaa anandikodola ndi chigongono.
Ndinamunyamulira chigubu mpaka pangolo.
Sindinamuuze kuti zitha,
pakuti sindikudziwa.
Ndinangomufunsa chomwe anadya.

Usiku uno chiwerengero chili motere:
moto unagwira ndi machesi amodzi,
bondo silinandipweteke pokwera mtunda,
Enkhjin wagona buku lili pachifuwa,
ndipo mnyamata uja, atakhala chete kanthawi,
anati mkate.
Anati unali wofunda.