Dzina Latheka

Makinawa ndinagulira matabwa,
zikwangwani za masaluni ndi magolosale a ku Kapata.
Za mwala ndinayamba ndekha, mwamwano,
ndipo mwala unandithyolera mano atatu sabata imodzi,
dzino lililonse mtengo wa nkhuku ziwiri.

Tsopano ndinaphunzira.
Mwala saulamula, amaupempha.
Theka la milimita, dzino libwerere,
theka linanso,
botolo la maheu loboola pansi likudonthezera madzi
kuti chitsulo chisapse mtima.
Fumbi limasanduka phala lotuwa,
limatsikira pakhonde mpaka pa mapapaya a mayi Daka
amene adaleka kale kundidandaulira.

Lachinayi a Shawa anabwera panjinga kuchokera ku Mchini,
mwala wakuda atamanga ndi mphira pakaliyala,
kapepala m'thumba la malaya, kopindidwa kanayi.
Anati: m'chitupa adalakwitsa, kalaliki adameza chilembo,
zaka makumi anayi mkazi wanga akuyankha dzina lopunduka.
Apa pokha mulembe bwino.

Ndinalemba pakompyuta, iwo akuloza ndi chala chong'aluka.
TIKAMBENJI.
Tinawerenga kawiri, kachitatu mokweza,
poti mwala ulibe chofufutira.

Dzino linatsika nkuyamba kulira ngati nyenje ya m'chilimwe.
T inatenga nthawi yomwera tiyi.
K inandiopsa pamphambano pake.
M inakwera ndi kutsika ngati msewu wa ku Kanjala.
A Shawa sanakhale pampando,
anaima manja kumbuyo, monga poyembekezera ku chipatala.

Itatha E, magetsi anapita.

Zii.
Madzi okha, tho, tho, pamwala.
Dzino linaima m'malere, litaiwala pomwe linachokera.

Ndinayatsa foni kuti ndione ngati palibe chathetheka.
Iwo anawerama, napukuta phala ndi chikhatho,
nawerenga zomwe zinalipo:
TIKAMBE.

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mpweya.
Ati, ndi yemweyo ameneyu.
Ndikafika usiku ankandidikira ndi mawu omwewa.

Ndiye tinakamba.
Ine pandowa yovundikira, iwo pathumba la simenti.
Za mtedza womwe adabzala osaukolola,
za nsapato zake zomwe zikadali kuseri kwa chitseko,
za ngongole ya bokosi,
za mmene ankayetsemulira katatu, nthawi zonse katatu.
Udzudzu unatidya, sitinaupirikitse.

Magetsi anabwera tambala woyamba atalira,
a Shawa akuwodzera, chipewa pabondo.
Ndinafufuza poyambira ndi tochi kukamwa,
kuopa kuphonya ndi katsitsi komwe,
chifukwa dzina lopendama limaoneka ngakhale uli patali.

N, J, I.
Zilembo zitatu zosandutsa pempho kukhala funso.
Ndinazizokota pang'onopang'ono kuposa zinzake,
osati poopa dzino.

Mmawa anandipatsa ndalama zonunkha fodya wa m'chigafa,
tinamanganso mwala ndi mphira yomweyo.
Sanakwere njinga.
Anaikankha, dzanja limodzi pachiwongolero,
lina litagwira pa dzina.