Waya wa Lufeyo

Lufeyo waimika lole yake pansi pa nimu
nabwera ndi kachubu kakuda m'dzanja,
atakafumbata ngati mwana wa njiwa wogwa m'chisa.
"Asiyatu, kakundipala pakhosi, kakununkha chopserera.
Koyilo yatsopano ili ku Lilongwe
ndipo mtengo wake ndi ndowa ya chimanga."

Ine pano pa Kaphatenga ndimadziwika ndi mafoni,
ogwera m'chidebe, otafunidwa ndi ana, osweka pa ndewu.
Koma chitsulo n'chitsulo.
Ndati siyani, mundipeze mukatsitsa simenti.

Ndamasula. M'kati mwada bii,
shuga wa madzi ake waumira pawaya,
thonje lapserera ngati ndevu za chimanga chootcha.

Waya wabwera naye yekha pa kagudumu,
wopyapyala kuposa ulusi wosokera batani,
koma makani!
Ukamutambasula amabwerera,
akufuna kugona mmene anagonera m'sitolo.
Ndamukoka ndi mapulaya awiri mpaka wavomera,
ndamupukuta ndi sipiriti
kuchotsa mafuta a kufakitale
ndi thukuta la aliyense amene anamugwirapo,
langa lomwe.

Kasefa ndiko kamandiopsa.
Maso ake ngakhale ufa woyera sungadutse.
Ukadula mokhota kamayoyoka m'mphepete,
ndipo katsitsi kamodzi kachitsulo kakasochera
batire imapsa mtima.
Ndayeza ndi rula ya Hawa ya sitandade fayifi,
ndadula ndi sizasi, mpweya ndaugwira,
ndapuma sizasi itatseka pakamwa.

Tsopano msomali.
Ndakulunga waya kamodzi, kawiri, katatu,
mzere uliwonse ugone pambali pa mnzake osamukwera,
ndipo zala zapitirira zokha osandifunsa.
Zinaphunzira kuti?
Ndaona bambo m'chigafa cha esiteti ku Kasungu
akusoka fodya wopachika pa mkangala,
tsamba, mfundo, tsamba, mfundo,
ine pambali ndikuwapatsira masamba,
manja athu ali phula lomwe sopo ankalilephera.
Bambo sanayatsepo ndudu moyo wawo wonse
koma chifuwa anabwera nacho kumudzi
pamodzi ndi wailesi ndi ngongole ya feteleza.

Kasanu ndi kamodzi. Basi.

Ndamanga, ndayeza pa mita, nambala yakhazikika.
Ndadina batani pang'onopang'ono.
Kufiira kuyenera kuyambira pakati n'kuyenda kunja,
koma mzere umodzi wawala wokha, wodzikonda,
ndiye woyamba kupsa ameneyo.
Ndaukanda ndi nsonga ya pulaya, ndadinanso,
mpaka onse afiira limodzi psuu
n'kuzirala limodzi.

Thonje lake ndi la m'pepala, lawoloka nyanja zamchere,
pomwe pamsewu pompano ngolo ya a Malizani
yadutsa ndi thonje la ku Chinguluwe
likutayikira m'mbali, mbuzi zikulinunkhiza.
Ndalipota, ndalilowetsa, lisathine, lisakhwepe.

Wabwera ali mbuu ndi simenti mpaka m'nsidze.
Wathira madontho, wadikira, wakoka.
Mtambo watuluka wonunkhira mango
mwezi uno wa Juni mango kulibe,
ndipo anyamata a kabaza akuwa, "Lole yapsa!"

"Miyezi inayi osagwira ndudu," watero.
"Adokotala anandionetsa chithunzi cha mapapo anga."
Ndati, nanga ichi mudzachisiya liti?
Waseka, watsokomola pang'ono,
wawerenga ndalama kawiri, nawonjezera ya fanta.

Lole yapita cha ku Nkhotakota.
Ndatenga maginito a sipika yakufa
ndikuyendetsa pansi pa tebulo,
popeza Hawa akaweruka amavula nsapato pakhomo.
Tizidutswa ta waya tadumphira tokha.
Ta sefa takana maginito.
Ndagwada, ndanyowetsa chala ndi malovu,
ndikutola kamodzikamodzi.