Mainchi Awiri

Lachinayi m'mawa, chisanu cha Juni chikuluma zala,
Mayi Terblanche anaimika kagalimoto kawo pagalaja yathu ku Booysens,
kafupi, kamakona ngati bokosi la machesi.
Kakwezeni, anatero. Mainchi awiri basi.
Loweruka ndikufuna miyala ndi matope.

Tinakaika pa jeke,
kanalendewetsa miyendo ngati kamwana kambuzi
konyamulidwa pamimba.
Bawuti woyamba anamvera.
Wachitatu anakana, dzimbiri litamukola pakhosi.
Ndinamuthira mafuta, ndinamunyengerera,
mpaka Dzinkambani analumikiza paipi kusipanala
n'kutukwana m'Chizulu chake chothyokathyoka.
Bawuti uja analira kamodzi n'kugonja.

Masipuling'i akale, otopa, tinawaponya pakona.
Atsopano ndi ofiira ngati tsabola wakupsa.
Mashoki aatali. Mapaipi a mabuleki aatalinso,
poti chingwe chachifupi chimaduka tsiku lomwe ukuchifunitsitsa.
Galimoto ukaikweza imayamba mwano,
chiwongolero chimanjenjemera m'manja,
ndiye umagona chagada pasimenti yozizira
kuibweza mtima pang'onopang'ono.

Matayala anabwera madzulo, a mano ngati a ng'ona.
Ukakhotetsa mpaka kumapeto ankakhula m'mbali,
ndinasenga pulasitiki ndi mpeni wanga wodyera mapeyala.
Ndinawachenjeza mayiwo:
nsapato zazikulu zimalemetsa mwendo,
kainjini aka kadzapuma wefuwefu pa M2,
ndipo muvi wa liwiro uzidzakunamizani.
Anangoseka.

Tinakakayesa kuseri, pamulu wa mchenga wachikasu,
uja anafukula azigogo athu masiku a Theba.
Ndinaphwetsako mpweya m'matayala, giya yotsika,
kanakwera ngati nkhululu yotuluka kuuna,
tayala limodzi m'mwamba, likupalasa mphepo.
Pamwamba Joni yense anali poyera,
nsanja, utsi, matakisi oyera ali mbuu.
Dzinkambani anaimba mluzu.
Ine ndinali ku Neno.

Febuluwale, mvula ya masiku anayi.
Ambulansi inakhala pamimba pamtsetse wa kwathu,
matayala akuzungulira chabe, akulavula dothi lofiira.
Mlongo wanga Nasibeko tinamunyamula pachitseko,
anthu asanu ndi mmodzi, tochi imodzi.
Mwana anafika.
Mayi wake anatsalira panjira.
Dalaivala, chipewa kumanja, anagwada n'kusuzumira kunsi:
ikanangokwera pang'ono chabe, anatero,
n'kuonetsa ndi zala ziwiri.

Lolemba mayi aja anabwerera, nkhope ili ngwee,
kagalimoto kali matope mpaka padenga.
Analipira pageti, akuti, kuti akatitimire,
ndipo sanatitimire.
Anandipatsa marandi mazana awiri a fanta.
Ndinathokoza. Ntchito ndinaigwira bwino, ndikudziwa.

Ndisanatsegule mpopi
ndinakomola dothi pa tayala lakumbuyo,
ndinalifikisa m'zala, ndinalinunkhiza.
Silofiira ngati lathu.
Koma kumata kwake n'komweko.